Asanapemphe, Chili Kale M'manja

Mpope wa pakhomo la fiyeta satsegula ndi dzanja. Uli ndi chogwirira chachitali, ndipo namwino amachikankha ndi chigongono. Ndinaima pambali nditavala zobiriwira zobwereka, chipewa ndi chophimba pakamwa, kuonerera mtsikana amene wangotha chaka ndi miyezi ingapo akugwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni pa chipatala chachikulu cha m'boma lina. Anayamba ndi zikhadabo, kutokosa pansi pa chilichonse. Kenako chala chimodzichimodzi, kuchitikita mbali zonse zinayi: kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete muwiri. Anafika pachikhatho, kuseri kwa dzanja, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kupitirira chigongono. Pamene wadutsa sabwererapo. Potsukuluza amaimika manja, zala kuloza kudenga, kuti madzi atsike kuchoka kumene kwayera n'kukadonthera kuzigongono. Zonsezi zimatenga mphindi zitatu mpaka zisanu, ndipo eni ntchito amati kusikiraba. Akamaliza, manjawo sakhudzanso kanthu. Mphuno ikayabwa, iyabwe. Chitseko amachikankha ndi msana.

Mtsikanayu ndinamupeza ali ndi nkhani mumtima. Mnzake amene anaphunzira naye, yemwe tsopano ali ku Blantyre, anamuuza kuti m'mafiyeta a m'tauni nthawi zina mumasowa manja, ndipo wofuna angathe kumapitako masiku amene ali pa ofu. Pachipatala pakepo palinso lokamu, ntchito ija imene namwino amagwira pa tsiku lake lopuma kuti atseke mpata wa anthu operewera, n'kulandira kangachepe pamwamba pa malipiro. Kangachepeko akukafuna, ndipo sabisa. Koma chomusowetsa tulo ndi china. "Siza ndimaidziwa ngati njira ya kuchitsime," anandiuza, kunena za opaleshoni yotulutsa mwana pocheka pamimba. "Koma atandiimika pa tebulo la mafupa lero, ndingakhale mlendo wosadziwa pokhala." Kuti ndimvetse chimene akuyeza, ndinapempha kuti ndione kaye ntchito imene amaidziwa kale.

M'fiyeta mumakhala anamwino awiri a ntchito zosiyana. Mmodzi ndi amene wasikiraba, woima patebulo ndi kugwira zida. Winayo amamutcha rana, kutanthauza wothamanga: iye sanasikirabe, ndipo ndiye miyendo ya onse amene manja awo amangika. Amatsegula mapaketi, kubweretsa ulusi, kuwongola nyali, kulemba pabolodi. Pakati pa awiriwa pali malire osaoneka ndi maso, ndipo ntchito yonse ndiyo kupatsirana zinthu pamalirepo popanda kukhudzana.

Taonani mmene amavalira. Amanyamula gauni pogwira m'kati mwa pakhosi, n'kuisiya ifunyululuke yokha m'malere. Amalowetsa mikono, koma zala sizitulukira kunja; zimatsala zobisika m'mikono ya gauniyo. Ndi zala zobisikazo amatola golovesi, kuligoneka padzanja zala zake zikuloza kuchigongono, chala chachikulu pa chala chachikulu, ndiyeno amalipindira pamwamba n'kukoka kamodzi. Dzanja limalowa m'golovesi khungu lisanakhudze kunja kwake. Rana amamanga zingwe za kumsana. Kuyambira pamenepo, choyera pa thupi lake ndi kutsogolo kokha, kuchokera pachifuwa kufika pa msinkhu wa tebulo, pamodzi ndi mikono. Msana sauwerengera, poti sauona. Manja satsika pansi pa chiuno, sabisala m'khwapa. Awiri osikiraba akamadutsana amalozetsana misana.

Magolovesi amenewa anayambira pa khungu la namwino wa fiyeta. Cha m'ma 1889 ndi 1890, pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore m'dziko la America, namwino Caroline Hampton ankasupuka manja ndi mankhwala aukali ophera tizilombo amene ankagwiritsa ntchito m'fiyeta. Dokotala William Halsted anapempha kampani ya Goodyear kuti ipange magolovesi a labala opyapyala. Ankafuna kuteteza manja a namwinoyo. Zoti magolovesiwo amatetezanso wodwala zinadziwika pambuyo.

Zida zimabwera zokulungidwa m'nsalu ziwiri, ngati phukusi la kamba wa paulendo. Zimakhala zitadutsa mu autoclave, mphika waukulu wachitsulo wotsekedwa mothina, momwe nthunzi imapanikizidwa mpaka kutentha madigiri 121. Madzi owira pa mbaula sapitirira madigiri 100, ndipo pali tizilombo tina timene timadzitsekera m'chigoba n'kupirira kuwira kotero. Nthunzi yopanikizidwa, ikakhala nato pafupifupi mphindi 30, ndiyo imatimaliza. Pa phukusi lililonse amamatapo tepi ya timizere totuwa, ndipo ikadutsa m'nthunzi timizereto timada. Rana amayang'ana tepi, amayang'ana deti, n'kupapasa nsalu. Phukusi lonyowa limabwerera kumene lachokera, chifukwa chinyezi ndi njira ya tizilombo. Potsegula amayamba ndi ngodya yakutali, kenako za m'mbali, n'kumaliza ndi ya kwa iye, kuti mkono wake usadutse pamwamba pa zoyera.

Kwa ine zida zonse zinkaoneka zofanana, timbaniro tachitsulo ta mphete ziwiri ngati sizasi. Kusiyana kuli kumano. Kocher ali ndi dzino kunsonga, logwira nembanemba yolimba kuti isapulumuke. Babcock ali ndi milomo yozungulira ngati chikhatho chofumbata dzira, ndipo amanyamula matumbo osawaphwanya. Kakang'ono kwambiri amakatcha mosquito, dzina la udzudzu, ndipo kamatsina timitsempha ta magazi tochepa ngati ulusi. Green-Armytage ali ndi milomo yotambalala ngati ya bakha, yogwira m'mphepete mwa chiberekero chodulidwa n'kuletsa magazi. Sizasi nazo zili pawiri: Mayo ndi yolemera, ya minofu yolimba ndi ulusi, pomwe Metzenbaum ndi yaitali yowonda, ya minofu yofewa yokha. Ukadulira ulusi Metzenbaum imabuntha, ndipo Asisita aakulu akadziwa umva mawu. Mtsikanayu anayala zonsezi motsatira nthawi imene chilichonse chidzafunike, mphete zonse zikuloza kwa iye. Sasintha kayalidwe kake, chifukwa opaleshoni ikayamba maso ake sakhala pa tebulo la zida. Amakhala pa bala, ndipo dzanja limapeza chida monga mmene mayi amapezera mthiko mumdima m'khitchini mwake.

Mpeni usanakhudze khungu, amawerenga. Awiri onse, wosikiraba ndi rana, mokweza mawu. Maswabu, tinsalu ta gozi topukutira magazi, amabwera omangidwa asanuasanu. Amamasula mtolo, n'kulekanitsa limodzilimodzi kuti rana aone kuti awiri sanamatirane: limodzi, awiri, atatu, anayi, asanu. Amatambasula lililonse kuonetsa kamzere ka buluu kolukidwa m'kati mwake, kamene kamaoneka pa X-ray ngati swabu litatsala m'mimba. Amawerenga singano, timipeni ndi zida zonse, ndipo rana amalemba pabolodi. Ndiyeno onse amaima kaye. Bungwe la WHO linatulutsa mu 2008 mndandanda wa mafunso 19 ofunsana m'fiyeta pa nthawi zitatu: wodwala asanagonetsedwe, asanachekedwe, ndiponso asanatuluke. Dzina la mayiyu ndani, tikuchita opaleshoni yanji, mankhwala oteteza ku tizilombo alandira, zida zayera? Funso la zidali limayankhidwa ndi namwino.

Siza ya tsiku limenelo anachita ndi kiliniko ofesala, monga mmene zimakhalira m'zipatala zambiri za m'maboma. Mpeni sapatsirana m'manja. Namwino amauika m'kambale kooneka ngati impso, wocheka n'kutola yekha, ndipo akamaliza amaubwezera momwemo. Zida zina zonse zimapita dzanja ndi dzanja, ndipo apa ndi pamene ndinayang'anitsitsa. Amagwira kambaniro cha kunsonga, mphete zikuloza kwa wolandira, kukhota kwake kukuloza kumene kakagwire, n'kukagunditsa m'chikhatho kuti phwa. Kugundako n'kofunika: wocheka sachotsa maso pa bala, ndiye chikhatho chake ndicho chimamva kuti chida chafika. Akafumbata, chimakhala chakhala kale bwino, osafunika kuchitembenuza.

Khungu, mafuta, nembanemba yolimba, minofu yolekanitsa ndi zala, nembanemba yopyapyala yokuta m'mimba. Pa sitepe iliyonse dzanja la kiliniko ofesala linkangotambasuka, pakamwa osatuluka mawu, ndipo chida choyenera chinkagweramo. Chitsulo chotambalala chotchedwa Doyen chinalowa kukankhira chikhodzodzo pansi kuti mpeni usachilase. Chiberekero chisanadulidwe, namwino anali atagwira kale paipi ya makina oyamwa, podziwa kuti nsupa ikasweka madzi adzadza pabala. Mutu wa mwana utayamba kubwera, Doyen anachoka kuti apereke njira. Pamene mwana ankatuluka, timbaniro tiwiri ta chingwe cha mchombo ndi sizasi zinali kale m'dzanja lamanja la namwino, zitapanidwa pakati pa zala motsatana. Mzamba analandira mwana m'nsalu. Namwino sanacheuke kuti amuone, ngakhale kulira kunadzadza chipinda. Anali akupereka Green-Armytage, chimodzi ku ngodya iyi, china ku inayo, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene chiberekero chimataya magazi ambiri.

Singano ya opaleshoni ndi yokhota ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo ulusi umabwera utalumikizidwa kale kumbuyo kwake. Saigwira ndi zala. Amaipana kunsonga kwenikweni kwa chogwirira singano, pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuchokera kosongoka. Akaipana cha kunsonga, siyenda. Akaipana polumikizira ulusi, imapindika kapena kuthyoka. Wosoka akakhala wamanzere, singano imaloza kwina, ndipo namwino wabwino amakhala ataona kale dzanja limene munthuyo anatolera mpeni. Yosokera chiberekero ndi matumbo ndi yozungulira thupi, kuti ingolekanitsa minofu osaicheka. Ya pakhungu ili ndi m'mbali mwakuthwa, chifukwa khungu ndi lolimba. Ulusi wa m'kati umasungunuka wokha pakapita masabata, ndipo kukula kwake kuli ndi manambala. Wa chiberekero ndi nambala 1, wonenepa ndithu. Maziro akamachuluka ulusi umawonda: 2-0, 4-0, 6-0, mpaka 10-0 wa m'diso, umene ndi wowonda kuposa tsitsi la munthu.

Asanatseke m'mimba, anawerenganso. Pabolodi panalembedwa maswabu khumi. Atawerenga a patebulo ndi a m'ndowa anapezeka asanu ndi anayi. Mtsikanayu sanakweze mawu, komanso sanameze. "Adokotala, taimani kaye. Swabu limodzi silikuoneka." Singano inaima m'malere. Mwa onse amene anali m'chipindamo iye ndiye anali wamng'ono pa zaka ndi pa udindo, koma mawu amenewo ndi ake, ndipo palibe amene anatsutsa. Kiliniko ofesala anabwezera dzanja m'mimba, kupapasa kuseri kwa chiberekero ndi m'mbali monse. Rana anakhuthula ndowa, kutambasula swabu lililonse ndi mbaniro pa nsalu ya pansi. Anasuzumira pansi pa tebulo, ngakhale kuphazi kwa nsapato za aliyense. Ndiyeno namwinoyo anabwerera m'mbuyo m'mutu mwake, sitepe ndi sitepe, n'kunena kuti, "Taonani pamene pagona mwana." Linali pomwepo, litapita ndi khanda m'nsalu ya mzamba. Anawerenganso kuyambira pa limodzi mpaka khumi, ndipo kusoka kunapitirira. Sizinathe mphindi zitatu. Swabu lotsala m'mimba limawola ndi mafinya, limamatiritsa matumbo, ndipo mayi amabwereranso pa mpeni.

Nditaona zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake mtsikanayu akusirira matebulo ena. Luso lakeli silili m'kudziwa mayina a zida. Lili m'kudziwa chimene chikubwera, ndipo chimenecho chimasiyana opaleshoni ndi opaleshoni. Kusukulu, kaya ndi ku KUHeS imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kaya ndi m'makoleji a CHAM, wophunzira unamwino ndi uzamba amadutsa m'fiyeta kwa masabata owerengeka chabe. Zambiri amaziphunzira ataima patebulo, ndipo tebulo la m'boma limaphunzitsa zimene zimabwera pakhomo pake: siza usana ndi usiku, haniya, mimba yokhala m'chubu, zithupsa zofunika kutumbula. Munthu angathe zaka zisanu osaonapo diso likutsegulidwa.

Ku fiyeta ya maso, monga ya ku Nkhoma kumene anthu ambiri amakachotsedwa ng'ala, dokotala amakhala maso ali pa maikulosikopu, galasi lokuza zinthu, ndipo sawachotsapo. Kugunditsa chida m'chikhatho kuja kumene kuli luso pa siza, kuno n'kulakwa, chifukwa kugwedeza dzanja limene lili pa diso n'koopsa. Chida amachilowetsa mwakachetechete pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, monga mmene ungapatsire munthu cholembera, n'kudikira kuti zala zitseke asanachisiye. Nsonga za zidazo n'zazing'ono moti zikangogundana pathireyi zawonongeka, choncho chilichonse chimagona pachokha. Opaleshoni imodzi ya ng'ala imatha mwina m'mphindi 15, ndipo odwala amakhala pamzere, ndiye namwino ayenera kutsimikiza kwa aliyense kuti ndi diso liti, komanso kuti kagalasi kolowa m'malo mwa ng'ala ndi ka mphamvu imene anayezera munthu ameneyo. Manja ozolowera liwiro ndi mphamvu amaphunzira kupepuka.

Ku fiyeta ya ana, monga ya Mercy James imene inatsegulidwa ku Gulupu mu 2017, amaphunzira kuopa zinthu zing'onozing'ono. Khanda lili ndi magazi pafupifupi mamililita 80 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. La makilogalamu 3, magazi ake onse sangadzadze botolo la Fanta la mamililita 300. Swabu limodzi lonyowa limene pa siza ungaliponye m'ndowa osaganiza kawiri, kwa khandalo ndi gawo lalikulu la moyo. Choncho amayeza maswabu pa sikelo, ouma ndi onyowa, ndipo galamu iliyonse yowonjezera amaiwerengera ngati mililita imodzi ya magazi otayika. Khanda limazizidwanso msanga. Chipinda amachitenthetsa mpaka akuluakulu thukuta kamukamu, madzi otsukira pabala amawafunditsa, mutu amauveka kachipewa, ndipo namwino amaonetsetsa kuti nsalu yonyowa isagone pathupi. Saika chida cholemera pamwamba pa nsalu zofunda wodwala, poti pansi pake pali chifuwa chochepa ngati chikhatho.

Mafupa ali ndi makhalidwe awo. Kumeneko kuli choboolera, nyundo, mbale zachitsulo ndi masikuluwu, ndipo sikuluwu iliyonse ili ndi dongosolo: kuboola, kuyeza kuya kwa bowo, kusema mizere m'bowomo, kenako kumanga. Namwino amamva nambala imene yayezedwa, amaitchula mobwereza, n'kutola sikuluwu ya utali womwewo ndi mbaniro, osaikhudza ndi golovesi, chifukwa tizilombo tikakhazikika pa chitsulo cha m'fupa mankhwala amavutika kutifikira. Magolovesi amavala awiriawiri, poti fupa lothyoka limacheka. Lamba wopopa amene amamanga pantchafu kuti magazi asatsike amalembedwa nthawi pabolodi, ndipo rana amakumbutsa ola likakwana, chifukwa mwendo sungakhale wopanda magazi kupitirira maola awiri osawonongeka. Ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002, ntchito yotere ya kuwongola miyendo ndi mapazi a ana ndi ya tsiku ndi tsiku. Ku Bwaila, kumene amasoka fisitula, vuto ndi lina: malo osokawo ndi akuya ndi opanikiza, namwino nthawi zambiri sawaona, ndipo amatsatira ntchito pomvetsera ndi poona mmene mapewa a dokotala akuyendera, kufikira atathira mankhwala a buluu m'chikhodzodzo kuti aone ngati pakudonthabe.

Zonsezi mtsikanayu anazimva kwa anzake, ndipo pa tiyi wa masana anakaziyala kwa Asisita aakulu a fiyeta, mayi amene aima patebulo zaka zoposa makumi awiri. Anamvetsera akutakasa shuga. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pamenepo sindikukaniza," anatero. "Koma tandiuza, mwana wanga, ukupita kukatenga chiyani? Ngati ndi ndalama, lokamu ili pompano, sufunika basi. Ngati ndi luso, usandiuze kuti Loweruka lino uli kumaso, linalo kumafupa, linalo kwa ana. Ubwerako ndi mayina a zida okhaokha."

Ndikuona kuti analasa pamene pali nkhani. Kudziwa chimene chikubwera kumamera pobwereza. Siza ya mtsikanayu inafika pamene ili chifukwa anaima pa mazana a masiza, mpaka dongosolo lake linachoka m'mutu n'kulowa m'zala. Tebulo lachilendo silingaphunzitse msanga kuposa pamenepo. Ndipo mlendo m'fiyeta sayamba ndi kusikiraba. Amayamba ngati rana, kuphunzira kabati imene muli ulusi, switchi ya makina oyamwa, kumene amasunga tochi magetsi akazima jeneleta isanalire. Wobwera kamodzi pa miyezi itatu amathera tsiku lonse akufunsa kumene kuli zinthu. Wobwera pa tebulo lomwelo, ndi namwino wamkulu yemweyo, mwezi ndi mwezi, ndi amene tsiku lina amauzidwa kuti, "Lero sikirabani, ine ndiima kumbuyo kwanu."

Asisita anawonjezera chachiwiri. "Kutopa sikuyambira m'miyendo, iwe. Kumayambira pa kuwerenga. Pakamwa pamati asanu pamene maso aona anayi." Anafotokoza kuti namwino wochoka pa naiti n'kukalowa lokamu m'mawa amaperekabe zida bwinobwino, chifukwa zala zimakumbuka zokha. Chimene chimagona ndi chija chinachititsa mtsikanayu kunena kuti taonani pamene pagona mwana: kukumbukira njira imene swabu lililonse layenda. Kumagonanso kuona kuti mkono wa gauni wakhudza chogwirira nyali, ndi kulimba mtima konena kuti ndadetsa, ndisinthe.  "Mapanga awiri avumbwitsa," anatero. "Ukatopa kwa eni, swabu udzalitayira kuno."

Mtsikanayu sanangovomera. "Koma Asisita, inuyo munaphunzira bwanji za mafupa?" Anaseka, n'kuvomera kuti nawonso ankapereka masiku awo opuma, koma ankasankha. Anamukumbutsa kuti madziwe ena ali m'chipatala momwemo. Makiliniko ofesala a mafupa ali ndi tsiku lawo la fiyeta sabata iliyonse, ndipo anamwino ambiri amalithawa chifukwa cha kutalika kwake. Magulu a madokotala a maso amabwera nthawi ndi nthawi, ndipo amafuna rana wa pamalopo. Chipinda cha autoclave chimafuna munthu womanga mapaketi, ndipo amene wamanga seti ya mafupa kakhumi ndi manja ake sangasokoneze zida zake patebulo. Kuima pambali pa wogonetsa odwala, kumupatsira chubu cha pakhosi, ndi sukulu inanso.

Chimene chinandikopa kwambiri n'chakuti luso lotengedwa kutali limabwerera kunyumba. Asisitawo anandionetsa kasikelo ka pakona ya fiyeta yawo. Chizolowezi choyeza maswabu anachitenga kwa ana, ndipo tsopano mayi akamataya magazi pa siza sangoyerekeza ndi maso. Amauza wogonetsa nambala. Kusakhudza nsonga ya chida anakutenga kumaso. Kutchula nambala mobwereza asanapereke chinthu anakutenga kumafupa, ndipo amachita chimodzimodzi ndi ulusi.

Mtsikanayu ali ndi kabuku ka chikuto chofiira kamene kamakhala m'thumba la yunifomu. Tsamba lililonse ndi la wocheka mmodzi: saizi ya magolovesi ake, dzanja limene amagwiritsa ntchito, ulusi umene amakonda pa nembanemba ndi pa khungu, ngati amafuna mbaniro ya mano kapena yopanda mano posoka. Masamba ena ali ndi zojambula za tebulo loyalidwa, kachida kalikonse pamalo pake, ndi timivi tosonyeza chimene chimatsatira chinzake. Madzulo a tsikulo anandionetsa tsamba latsopano, pamwamba atalemba kuti Mafupa. Anali atapempha kwa ametironi kuti azikhala rana pa tsiku la mafupa kwa miyezi itatu, ndipo kwa mnzake wa ku Blantyre anayankha kuti adzabwera kamodzi pamwezi, ku fiyeta ya ana yokha, ndipo osati sabata imene ali pa naiti.

Ntchito ya tsikulo inathera pa sinki ya kuseri. Zida amazitsuka magazi asanaume, ndi madzi ozizira, chifukwa otentha amaumitsa magazi n'kuwamatiriza pachitsulo. Kambaniro kalikonse amakatsegula mpaka kumapeto, n'kupitiriza kaburashi m'mano ndi polumikizira, pamene dothi limabisala. Akapukuta amayesa chimodzichimodzi. Sizasi amaidulitsa kansalu ka gozi kuti aone ngati ikudula mpaka kunsonga kapena ikutafuna. Chogwirira singano amachipanitsa singano n'kuyesa kuipotoza ndi chala. Ikazungulira, mano atha. Kambaniro amakatseka pa dzino loyamba, n'kukakweza kuloza kuwindo. Kachisanu ndi chiwiri kanadutsitsa kuwala pakati pa milomo yake, kampata kochepa ngati tsitsi. Anakamanga kachingwe pa mphete n'kukaika padera, nalemba papepala la seti kuti mosquito mmodzi wachotsedwa, n'kupita kukabati kukatenga wina kuti nambala ikwane asanakulunge phukusi la usiku.